Mmene mungadziwire mfunda wa munthu wa ku Scotland poyang'ana katsamba ka pa chipewa

Mlamu wanga ndi wa ku Scotland, anakwatira chemwali anga, ndiye tsiku la ukwati kuno ku Kasungu anasomeka katsamba pa chipewa, azakhali nkuyesa ndi mankhwala. Ayi ndithu, ndi chizindikiro cha mfunda wake, ngati mmene ife timati uyu ndi Banda, uyu Phiri, uyu Mwale. Iwo amati clan.

Poyamba musathamangire kuyang'ana siketi ija amati kilt, mitundu ya nsalu ndi yambiri mutha kusokonezeka. Yang'anani pa chipewa, kuseri kwa baji yachitsulo. Mzimayi amachimanga pa nsalu ya paphewa.

Mukaona timaluwa ting'onoting'ono ta pepo, ameneyo ndi heather, amamera mmapiri mwawo, ndi wa a MacDonald. Akakhala woyera ganizirani a Macpherson. A Campbell amavala bog myrtle, kachitsamba ka mmadambo konunkhira bwino, a Gordon ndi ivy yoyanga pakhoma ija, a Fraser ndi yew, mtengo wa timasamba topyapyala tobiriwira chaka chonse, a Robertson ndi bracken, chomera cha masamba ooneka ngati nthenga.

Pa paini mpofunika kusamala, ndipo ine ndi pamene pamandisangalatsa kwambiri. Mtengo umodzi womwewo amavala a Grant, a MacGregor ndi a MacKinnon, chifukwa amakhulupirira kuti onse anachokera kwa kholo limodzi, mfumu Alpin, ndiye mukaona paini musafulumire kutchula dzina, mungoti ndinu a mbumba ya Alpin eti? Aziyankha okha. Sizikusiyana ndi kwathu kuno, a Phiri a ku Santhe ndi a Phiri a ku Mkanda sadziwana koma akakumana amatchulana achibale basi.

Komanso mfunda wina uli ndi zomera ziwiri, a Cameron ena amavala masamba a mtengo wa oak, ena crowberry, kachitsamba kobala tizipatso takuda, choncho funsani mwaulemu, amakondwera kufotokoza.

Nanga inuyo mwaitanidwa ku mwambo wawo muvale chani? Osatola tsamba la mfunda wa eni, zili ngati kudzitcha Mbewe pamene ndinu Nkhoma. Valani thistle, duwa laminga lija, ndi la dziko lonse la Scotland. Dulani kanthambi kakafupi ngati chala, mangani ndi ulusi kumunsi, nkubaya ndi pini pa jekete mbali ya kumanzere. Muthyole mmawa wa tsiku lomwelo, dzuwa lathu la Okutobala silichedwa kufotetsa.