Mmene mungatetezere ngalande za mvula ku oyilo wa pagalaja

Ngalande za m'mbali mwa msewu si suweji. Madzi ake sadutsa koyeretsera, ndipo ku Blantyre ambiri amakathera mumtsinje wa Mudi. Lamulo losamalira chilengedwe la 2017 limaletsa kuipitsa madzi, choncho mukatayira oyilo m'ngalande mukhoza kulipitsidwa chindapusa.

Oyilo wakutha musungeni m'dilamu lotseka la malita 200, pansi pa denga, pasimenti yozunguliridwa ndi kakhoma. Akatayikira pansi, thiranipo utuchi kapena mchenga, sesani, muike m'thumba. Osatsuka ndi payipi.

Potsukira magalimoto pamafunika dzenje la zipinda zitatu lolekanitsa oyilo ndi madzi, lomangidwa ndi njerwa n'kupakidwa simenti. Chipinda choyamba chimagwira matope. Mapayipi olumikiza zipindazo apindikire pansi, kukamwa kwake kumire m'madzi, chifukwa oyilo amayandama ndipo amatsala pamwamba. Chomwe chimasokoneza ntchito ya dzenjeli ndi sopo wochuluka: amasakaniza oyilo ndi madzi, oyiloyo n'kungodutsa ngati palibe dzenje.

Yengulani oyilo sabata iliyonse, ndipo kokolani matope mvula ya Novembala isanagwe. Madzi otuluka m'chipinda chomaliza alowe m'suweji ndi chilolezo cha khonsolo.