Mmene ndimafotokozera ana nkhani za chimbalangondo, nyama yomwe sanaionepo

Tsiku lina ndinagula mabuku asanu a ana kwa bambo wina amene amayala mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe. Nditafika nawo kusukulu ya mkombaphala komwe ndimaphunzitsa, ndinapeza kuti atatu mwa mabukuwo anali a zimbalangondo. Ndinatsegula limodzi, n'kuloza chithunzi, n'kufunsa kuti, "Ichi n'chiyani?" Mnyamata wina anati ndi galu wonenepa. Mnzake anati ndi fisi. Kamtsikana kokhala kutsogolo kanangoti, "Chidole." Sindinawadabwe. Mu Africa muno mulibe zimbalangondo zam'tchire, ndipo zomwe zinkakhala kumapiri a Atlas, kumpoto kwenikweni, zinatha m'zaka za m'ma 1800. Komatu mabuku a ana ochokera kunja adzaza ndi nyama imeneyi, ndipo pafoni za makolo ana akuionera tsiku ndi tsiku. Zomwe ndilembe pano ndi zomwe zandigwirira ntchito m'kalasi ndiponso kunyumba.

Musanatsegule buku, muonetseni mwana nyama yeniyeniyo. Pezani chithunzi kapena kavidiyo kachidule ka chimbalangondo chenicheni chikugwira nsomba mumtsinje, aone ubweya wake ndi zikhadabo zake. Mutchulireni dzina lake m'Chichewa. Ana ambiri opita ku Sande sukulu analimvapo kale, chifukwa pa 1 Samueli 17 Davide akuuza Sauli kuti poweta nkhosa za atate wake anaphapo mkango ndi chimbalangondo. Ine ndimayambira pamenepo, chifukwa mwana akazindikira kuti ndi chilombo chija cha Davide, maso amatong'oka. Kenako ndimaima pakhomo la kalasi n'kukweza manja, n'kuwauza kuti chimbalangondo chachikulu chikaima ndi miyendo iwiri chimapitirira chitseko ichi. Padziko lonse pali mitundu isanu ndi itatu. Simukufunika kuitchula yonse. Chofiirira cha ku Russia ndi ku America, choyera cha kumadera a madzi oundana, ndi panda wa ku China amene amadya nsungwi, zakwana. Za nsungwizo ana amaseka kwambiri, poti amazidziwa ngati zolukira malichero.

Chinthu chimodzi ndikupempheni: musachisandutse fisi. Ine ndinachitapo zimenezi m'chaka changa choyamba, poganiza kuti ndikuwafewetsera nkhani. Nkhaniyo inawonongeka. Fisi wa m'nthano zathu ana amamudziwa kale kuti ndi wadyera, wopusa, ndipo mapeto ake amakhaula. Ndiye nthawi yonse yomwe ndinkafotokoza, iwo ankangodikira kuti akhaule liti, ndipo atapanda kukhaula anaona ngati ndawanamiza. Chimbalangondo cha m'mabukuwa chili ndi khalidwe lakelake. Nthawi zambiri ndi chachikulu koma chofatsa, chokonda kudya, chochedwa kumvetsa zinthu koma chokoma mtima. Chisiyeni chikhale mlendo, ana achidziwe pang'onopang'ono monga amadziwira mlendo aliyense wofika pakhomo.

Bukulo muliwerenge nokha kaye usiku, kawiri ngati n'kotheka, mpaka nkhani ikhazikike m'mutu. Mawa lake musawerenge mzere ndi mzere uku mukumasulira, chifukwa ana amayamba kutsinana musanamalize tsamba. Gwirani buku moti aziona zithunzi, inu muzikamba ngati nthano. Ndimayamba ndi "Padangokhala," iwo n'kuvomera "Tilitonse," ngakhale nkhaniyo ikuchitikira ku England. Buku lomwe limalowa bwino kwambiri m'njira imeneyi ndi We're Going on a Bear Hunt la Michael Rosen, lomwe linatuluka mu 1989 ndi zithunzi za Helen Oxenbury. Gulu la pabanja limanyamuka kukasaka chimbalangondo, n'kudutsa m'udzu wautali, mumtsinje, m'matope, m'nkhalango, m'mphepo ya sinowo, mpaka kulowa m'phanga. Atachipeza amathawa liwiro la mtondo wadooka kudzera monse muja anadutsa. Nkhaniyi ili ndi mawu obwerezabwereza ngati nyimbo za m'nthano za agogo, choncho pangani anuanu. Ife m'udzu timati "tswa tswa," m'madzi "khuvu khuvu," ndipo phokoso la m'matope ndimawasiyira okha apeke, poti matope a dzinja amawadziwa kuposa ine. Pa sinowo m'pamene pamafunika kaluso. Ndimawakumbutsa matalala ndi kuzizira kwa mu Juni, ndipo tsiku lina ndinapala madzi oundana a mufiriji n'kubwera nawo m'kapu kuti aliyense akhudze. Kuyambira pamenepo ankamvetsa chifukwa chake zimbalangondo zina zimadya kwambiri kenako n'kukagona m'phanga miyezi yonse yozizira.

Kwa ana a zaka zitatu kapena zinayi, nkhani ya Goldilocks ndi zimbalangondo zitatu siivuta. Phala amalidziwa. Tengani mbale zitatu zosiyana kukula, zikhale patsogolo panu. Mukafika poti kamtsikana kalowa m'nyumba ya eni, imani n'kufunsa kuti, "Kodi anati odi?" Mudzamva onse akukuwa kuti ayi. Funso limenelo limawapatsa poyambira kuweruza okha nkhaniyo. Pamene Robert Southey ankaisindikiza mu 1837, wolowa m'nyumbayo anali mayi wokalamba, kamtsikanako kanadzabwera pambuyo pake.

Winnie-the-Pooh musathamangire. Ndi wa ana osachepera zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, chifukwa nkhani zake zimayenda mwakachetechete, ndipo nthabwala zambiri za mlembi wake, A. A. Milne, zagona pa kaseweredwe ka mawu a Chingerezi komwe sikasamukira m'Chichewa. Zimenezo zidumpheni osadandaula. Tengani zigawo zomwe zimaoneka ndi maso. Chomwe ana anga amachikonda ndi pamene Pooh anapita kukacheza kwa Kalulu, n'kudya uchi ndi mkaka mpaka mimba kutuluka, kenako n'kukanirira pakhomo la una, mutu kunja miyendo m'kati, mpaka kudikira sabata yathunthu kuti aphwe. Muwachenjeze kuti Kalulu ameneyu si wathu uja wochenjera, uyu ndi mwininyumba wokonda dongosolo basi. Mukakhala ndi uchi pang'ono, alawitseni kumapeto. Ndipo muwauze kuti dzinali linachokera kwa chimbalangondo chenicheni. Mu 1914 msilikali wa ku Canada, Harry Colebourn, amene analinso dokotala wa ziweto, anagula kamwana ka chimbalangondo chakuda pa siteshoni ya sitima ku White River, n'kukatcha Winnie potengera mzinda wa kwawo wa Winnipeg. Popita kunkhondo ku France anakasiya kumalo osungirako nyama otchedwa London Zoo. Kumeneko n'komwe mwana wa Milne, Christopher Robin, ankakaonera, mpaka anapatsa chidole chake dzinalo. Buku loyamba linatuluka mu 1926. Ana akamva kuti Winnie analikodi, mafunso amagwa ngati mvula: ankadya chiyani, ankagona pati, msilikaliyo anabweranso?

Koma amene ndimamusungira nthawi yaitali ndi Paddington. Michael Bond anatulutsa buku loyamba mu 1958. Kachimbalangondo kakang'ono kafika pa siteshoni ya Paddington ku London kali kokha, katanyamula kasutikesi, m'khosi muli kapepala kopempha aliyense wokapeza kuti akasamalire. Kachokera ku Peru, komwe kanaleredwa ndi azakhali ake a Lucy, ndipo azakhaliwo atakalamba anakatumiza kutali kuti kakapeze moyo wina. Banja la a Brown limakatenga n'kukapatsa dzina la siteshoniyo. Bond ananena yekha kuti ankakumbukira ana omwe ankasamutsidwa ku London panthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, atavala mapepala a mayina awo, atanyamula timasutikesi. Palinso mbali ina yomwe imatikhudza ife. Poyamba Bond analemba kuti kachimbalangondoka kachokera ku Africa, koma munthu amene ankamupezera osindikiza mabuku anamuuza kuti ku Africa kulibe zimbalangondo, ndiye anasintha n'kulemba Peru, komwe kumapiri a Andes kulidi mtundu wina wokhala ndi mizere yoyera kuzungulira maso ngati wavala magalasi. Ndikawauza ana zimenezi amanyadira ngati iwo ndi amene anamukonza mlembiyo.

Nkhani imeneyi muifotokoze mofatsa, maso anu ali pa nkhope za ana. M'kalasi iliyonse yomwe ndaphunzitsapo mumakhala mwana amene akukhala ndi azakhali kapena agogo, mayi ake ali ku Joni kapena anatisiya. Chaka china, nditafika poti Paddington wakhala pa sutikesi anthu akungomudutsa, kamnyamata kena komwe sikankayankhula kawirikawiri kanafunsa kuti, "Madamu, azakhali akewo anamutaya?" Ndinatseka buku, n'kukhala pamkeka pafupi naye. Ndinamuuza kuti ayi, anamutumiza chifukwa ankamukonda, ndipo Paddington ankawalembera makalata kuwauza zonse zomwe akuona. Anakhala chete, kenako anati, "Amayi anganso amaimba foni Lamulungu." Mukaona mwana wafika pamenepo, nkhani ikhoza kudikira mawa. Zoseketsa za Paddington, monga kudzaza bafa mpaka madzi kusefukira ndi kubisa buledi wopaka jamu wa malalanje m'chipewa, zidzakhalapobe.

Za pafoni ndi pa TV ndinene mwachidule, ngakhale n'zomwe makolo amandifunsa kwambiri. Masha and the Bear ndi katuni wa ku Russia yemwe anayamba mu 2009. Chimbalangondo cha mmenemo chinkagwira ntchito yosangalatsa anthu m'masewera, chinapuma, ndipo sichiyankhula. Masha ndi kamtsikana kosamva, kosokoneza chilichonse. Makolo ena amadandaula kuti ana akutengera mwano. Ine sindiletsa, koma musamusiyire mwana foni kuti aziona chigawo pambuyo pa chinzake mpaka bandulo kutha. Koperani zigawo ziwiri kapena zitatu, chilichonse n'cha mphindi zochepa, muonere limodzi, ndipo chikatha mumufunse kuti chimbalangondo chija chinamva bwanji Masha atachiwonongera munda. Poti sichiyankhula, mwana amayenera kuwerenga nkhope yake, ndipo pamenepo m'pamene pali phindu la katuniyu. Baloo wa m'nkhalango za ku India, yemwe Rudyard Kipling anamulemba mu 1894, ndi Yogi Bear wakuba zakudya za alendo, asungireni akakula pang'ono.

Musaiwale kuwauza kuti chimbalangondo chenicheni sichikumbatiridwa. Ndimawayerekezera ndi mvuu ya mu Shire, yomwe imaoneka yaulesi m'madzi koma asodzi amaiopa. Chidole chaubweya chija ambiri ali nacho, chogulidwa pa kaunjika, ndicho chokumbatira. Dzina lake loti teddy linachokera kwa Theodore Roosevelt, mtsogoleri wa America, amene mu 1902 ali ku uzimba ku Mississippi anakana kuwombera chimbalangondo chomwe anzake anachimangirira pamtengo. M'kalasi mwanga muli chimodzi chothothoka khutu, ndipo amene wachigwira ndiye ali ndi mpata woyankhula.

Pakapita masiku awiri kapena atatu, mpatseni mwana bukulo ndi chidolecho kuti iye akufotokozereni. Inu simunasinthe malo a nkhaniyo, koma iye akasintha musamudule pakamwa. Kamnyamata kofunsa za azakhali kaja kanatenga buku la Paddington Lachisanu la sabata yomweyo, n'kuima patsogolo pa anzake. Kanati "Padangokhala," anzake n'kuvomera. M'kufotokoza kwake, Paddington anatsika basi pa Wenela, m'chipewa mwake munali mandasi awiri, ndipo amene anamupeza anali mayi wogulitsa nthochi, yemwe anayamba wamufunsa ngati wadya asanamufunse dzina.