Momwe mungapezere chipinda chochitiramo ntchito za luso mu Mzuzu osalowa m'ngongole

Wopenta zithunzi, wosema, telala kapena wojambula nyimbo mu Mzuzu kawirikawiri sasamuka chifukwa cha lendi yokha. Chimamuchotsa pakhomo ndi chinyontho, magetsi ndi mikangano ya ndalama. Yambani ndi zimenezi musanafunse mtengo.

Choyamba, onani chimene ntchito yanu ikufuna. Telala amafuna anthu odutsa, ndiye angalolere kulipira zambiri pafupi ndi msika waukulu. Wosema ndi wopenta sasowa khamu la anthu pakhomo: ayang'ane ku Chibavi, Zolozolo, Mchengautuwa kapena Masasa. Ku Luwinga zipinda mumalimbirana ndi ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni). Funsaninso kumatchalitchi, ena ali ndi zipinda zimene zimangokhala mkati mwa sabata.

Kukaona chipinda, pitani mvula itangokata. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo nyumba yooneka bwino mu Okutobala imatha kukuwonongerani katundu mu Malichi. Gwirani khoma m'munsi ndi dzanja. Likakhala lozizira monyowa, penti ikusupuka kapena pali madontho akuda a nkhungu, chinyontho chikukwera kuchokera pansi. Pamenepo nsalu zimanunkha, mapepala amapindika, penti imachedwa kuuma, mashini osokera amachita dzimbiri. Yang'ananinso malata ngati akuonetsa kuwala m'mabowo a misomali. Wojambula nyimbo asavomere chipinda chopanda siling'i, chifukwa mvula ikamagunda malata maikolofoni imatola zonse. Ngakhale chipinda chikhale chouma, ikani katundu pa mashelefu otalikira pansi masentimita 15, osakhudza khoma. Wopenta asankhe zenera loyang'ana kumwera, kuwala kwake sikusinthasintha ngati kwa kum'mawa kapena kumadzulo.

Za magetsi muzilankhule msanga. Funsani ngati chipindacho chili ndi mita yakeyake ya ESCOM. Mita yogawana ndi banja lophikira pa hotipuleti idzakudyerani mayunitsi. Ngati palibe, gwirizanani ndi eni nyumba kuti munthu wodziwa zamagetsi aike mita yaing'ono. Werengerani: yuniti imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola limodzi. Laputopu ya mawati 60 imayenda maola oposa 16 pa yuniti, pomwe mashini odindira malaya a mawati 1,500 amatha yuniti ndi theka pa ola. Batire ya 12V 100Ah imasunga mphamvu yokwana yuniti imodzi ndi pang'ono, koma ya asidi muzigwiritsa ntchito theka lokha, apo ayi imafa msanga. Imeneyo ikwanira laputopu ndi mababu magetsi akazima, osati simbi.

Njira yotsika mtengo ndi kusonkherana anthu atatu kapena anayi, koma phatikizanani mwanzeru. Fumbi la wosema limamatira pa penti yosauma, ndipo phokoso lake silimvana ndi situdiyo. Telala, wopenta ndi wa pakompyuta amakhalitsana bwino.

Eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi. Musapereke popanda pangano lolembedwa: lendi, tsiku lolipira, nthawi yochenjezera asanakweze, wokonza denga, ndiponso ngati ndalama zoikira zitsulo za m'mawindo zidzachotsedwe pa lendi. Ngati mukusonkherana, lembaninso pangano lina pakati pa inu osonkherananu, lonena zochita wina akachoka pakati pa mwezi. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Ngati mudzagulitsira pomwepo, pitani ku khonsolo ya mzinda mukafunse za laisensi musanapachike chikwangwani.