Momwe mungapachikire chithunzi mowongoka maso akamakunamizani

Diso palokha silidziwa chimene chaima chilili. Limayerekeza ndi mizere imene yazungulira chinthucho. Mu 1948 akatswiri ofufuza za maganizo a anthu, Herman Witkin ndi Solomon Asch, anaika anthu m'chipinda chamdima n'kuwaonetsa ndodo yowala mkati mwa felemu yopendekeka. Atauzidwa kuti aiimike mowongoka, ambiri ankaipendeketsera kumene felemuyo yapendekera. M'nyumba, chitseko chokhota, mtanda wa denga kapena katani ya mizere yopingasa zimasokoneza diso chimodzimodzi.

Yambani mwadziyesa papepala. Jambulani ndi rula mizere iwiri ya masentimita 15, yotalikirana masentimita 2 kuyambira pamwamba mpaka pansi. Dulani mzere woyamba ndi timizere tifupitifupi topendekera kumanja pa madigiri pafupifupi 30, wachiwiri topendekera kumanzere. Mizere ija ioneka ngati ikukakumana, koma rula ikuuzani kuti sinasunthe. Johann Zöllner wa ku Germany anafotokoza zimenezi mu 1860.

Tsopano kukhoma. Mangani nati yolemera kunsonga ya chingwe cha mita imodzi, muchikoleke pa msomali pambali pa malo a chithunzi. Tsekani zenera kuti mphepo isachigwedeze, ndipo natiyo isakhudze khoma, chifukwa ikakhudza imaima pamene yakodwa. Chikasiya kulendewera uku ndi uku, ikani timadontho tiwiri ta pensulo motsatira chingwecho, totalikirana masentimita 40. Mbali ya felemu idutse pa timadonthoto.

Khomani misomali iwiri. Pa msomali umodzi chithunzi chimasuntha chitseko chikangomenyetsedwa.

Ngati muli ndi levulo, chida cha amisiri chokhala ndi kathovu m'madzi, iyeseni kaye: igonekeni pamwamba pa felemu, onani kathovu, kenako itembenuzeni kuti mbali yakumanja ipite kumanzere. Kathovu kakasintha malo, levuloyo ndi yowonongeka. Musapime kuchokera pansi kapena kudenga. Ndiko kulakwitsa kofala, poti simenti ndi siling'i kawirikawiri sizikhala zolingana mbali zonse.

Chovuta n'chakuti chithunzi chowongokadi chikhoza kuonekabe chokhota chikayandikana ndi chitseko chopendekeka. Musachikhotetse kuti diso likhutire. Chisunthireni pakati pa khoma, kutali ndi chitsekocho, chifukwa mzere wosokoneza ukatalikira mphamvu yake imachepa. Poyang'ana komaliza imani mamita atatu kumbuyo, mutu uli chilili, popeza kupendeketsa khosi nakonso kumasintha zimene diso likuona.