Kugula chojambula cha Aaborijini osam'bera mwini wake

Ine anandipusitsa ku Sydney, ku Australia. Ndinagula boomerang (kamtengo kokhota koponya) ya madontho okongola pa kasitolo kena ka alendo, mumtima ndikuti ndathandiza Aaborijini, eni nthaka a dzikolo. Nditafika kogona n'kuitembenuza, ndinapeza kapepala kunsi kwake konena kuti inapangidwa ku Indonesia. Panalibe Mwaborijini amene anaikhudzako, ngakhale kulandirapo senti imodzi. Chiyambire tsiku limenelo ndimagula motere.

Ndimayamba ndi kufunsa wogulitsa: wajambula ndani, kwawo n'kuti? Aaborijini si mtundu umodzi ayi. Pamene Angerezi ankafika mu 1788, ku Australia kunali zilankhulo zoposa 250. Madontho aja kwawo n'kuchipululu, ndipo anatchuka kuchokera kumudzi wa Papunya mu 1971, madoda akumeneko atayamba kujambula ndi penti pamatabwa molimbikitsidwa ndi mphunzitsi Geoffrey Bardon. Kumpoto, ku Arnhem Land, amajambula mizere yopyapyala yopingasana pamakungwa a mitengo, utoto wake ndi dothi. Wogulitsa akangoti "ndi za Chiaborijini basi", bwezani ndalama m'thumba.

Kukatheka, gulani kumalo amene eni ake ndi ojambulawo, monga Papunya Tula ku Alice Springs kapena Buku-Larrnggay Mulka ku Yirrkala. Amakupatsani chikalata chokhala ndi dzina la wojambula ndi nkhani ya chithunzicho. Ngati muli m'sitolo ya mumzinda, onani ngati inasaina Indigenous Art Code, pangano lochita malonda mwachilungamo ndi ojambula a Chiaborijini, kenaka funsani mosapita m'mbali kuti wojambulayo alandira zingati. Enafe timachita nalo manyazi funsoli, koma mbiri ya Albert Namatjira inandichotsa manyaziwo. Bamboyu anali Mwaborijini amene anatchuka ndi zithunzi za mapiri akwawo, n'kumwalira mu 1959. Mu 1983 umwini wa ufulu wosindikiza zojambula zake unagulitsidwa kwa kampani ina pa madola a ku Australia 8,500 okha, banja lake n'kukhala osalandira kanthu mpaka umwiniwo utabwezedwa mu 2017. Zaka 34 zathunthu!

Mukagula, musakakamize kuti akumasulireni dontho lililonse. Zithunzi zambiri zimanyamula nkhani za makolo ndi za malo opatulika, zina zosaululika kwa mlendo. Zimene mwauzidwa zikukwanireni. Komanso mwagula chinsalucho, osati chilolezo chochisindikiza pamalaya kapena pamakapu. Ngati wojambulayo wamwalira chaposachedwa, funsani kaye musanatchule dzina lake kapena kuonetsa nkhope yake pagulu, chifukwa m'madera ambiri kutero n'koletsedwa nthawi ya maliro.

Mabuku nawonso funso ndi lomwelo: walemba ndani? David Unaipon, Mwaborijini yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya madola 50 ya ku Australia, analemba nthano za anthu ake, koma zinasindikizidwa mu 1930 m'dzina la mzungu William Ramsay Smith. Dzina la mwini wake linabwerera pachikuto mu 2001. N'chifukwa chake ndikafuna buku ndimayambira ku Magabala Books ya ku Broome, yomwe eni ake ndi Aaborijini, ndipo ndimawerenga kaye tsamba lofotokoza wolemba kuti ndidziwe mtundu wake.

Boomerang ija sindinaitaye. Ili pashelefu, koma ndinaiika chagada kuti kapepala kaja kazioneka.