Kakonzedwe ka nkhani za pa intaneti kuti ziwerengeke pa kasikirini ka mafoni oyamba aja

Zoti mungotenga tsamba la nkhani la pa kompyuta nkulifinya kuti lilowe mufoni muiwaliretu, sizitheka, nkhaniyo iyenera kulembedwanso basi. Taganizani Nokia 7110 ija inatuluka mu 1999, imodzi mwa mafoni oyamba kukhala ndi WAP, njira yomwe mafoni a nthawi imeneyo ankatsegulira masamba a pa intaneti, sikirini yake inali ma pixel 96 chopingasa ndi 65 choimirira, yopanda mitundu, timizere ta mawu toti mutha kuwerenga ndi zala za dzanja limodzi. Liwiro lake pa netiweki ya mafoni ya GSM linali 9.6 kbit/s ndipo munthu amalipira mphindi iliyonse yomwe walumikizidwa, kenako kutabwera GPRS, njira yatsopano yotumizira data pa netiweki yomweyo, anthu anayamba kulipira potengera kuchuluka kwa data. Ndiye liwu lililonse losafunika lomwe mwasiyamo mukumudyera ndalama owerenga wanu, mfundo imeneyi ndi imene iyenera kukutsogolerani pa zonse.

Yambani ndi mutu. Ngati pa kompyuta munalemba kuti “Akuluakulu achenjeza oyendetsa galimoto pamene mvula yamphamvu yakokolola mlatho usiku wathawu”, pafoni lembani “Mlatho wakokoloka, msewu watsekedwa”. Mawu olemera aziyamba ndiwo chifukwa mafoni ena amadula mzere ukatalika ndipo munthu amangoona koyambirira kokha. Kenako chiganizo choyamba chinene zonse, chachitika ndi chani, kuti, liti, kwa ndani, moti wina atalekera pompo foni itathima akhale atamva nkhani. Zoyamba ndi kufotokoza mmene kunja kunachera zisiyeni ku nyuzipepala.

Tsopano pa kudula nkhani, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. WML, chilankhulo cha masamba a WAP, imagawa zinthu mu ma card ndipo ma card angapo amatumizidwa pamodzi ngati deck imodzi, ndiye pa 7110 deck ikangopitirira ma byte pafupifupi 1400 ikapanikizidwa foni imakana osatsegula nkomwe. Choncho nkhani yaitali muidule zigawo zitatu kapena zinayi, muzidula pothera ndime osati pakati pa chiganizo, pamwamba mulembe 1/3 kuti munthu adziwe kuti kwatsala kutali bwanji asanaganize zowononga ndalama zake, pansi linki imodzi yoti “Pitirizani”. Koma chonde apa samalani kwambiri, anthu ambiri safika gawo lachitatu. Ngati nkhani ikunena kuti wina akuganiziridwa kuti waba ndalama, kukana kwake kapena mawu oti mlandu sunagamulidwe akhale mugawo loyamba lomwelo, olo mukhale mawu asanu okha. Mukawakankhira kumapeto ndiye kuti mwamuweruza munthu pamaso pa onse amene anawerenga tsamba limodzi nkutseka, ndipo kuchepa kwa sikirini si chifukwa choti muipitsire mbiri ya munthu. Chimodzimodzi manambala, ngati chiwerengero cha ovulala sichinatsimikizike mawu oti “pafupifupi” kapena “malinga ndi apolisi” musawadule pofuna kusunga malo, dulani zina.

Za kuyenda mutsamba ndi zosavuta. Palibe mbewa, palibe kugusa sikirini ndi chala, pali mabatani okha, ndiye nkhani ikhale pamwamba penipeni ndipo menyu ipite pansi. Mitu ya nkhani isapitirire 9 pa tsamba loyamba, muiike manambala nkugwiritsa ntchito accesskey, yomwe imalumikiza linki ndi batani la nambala, kuti munthu akadina 3 alowe nkhani yachitatu osatsika mzere ndi mzere. Musamulembetse munthu zinthu, kumbukirani kuti chilembo s chokha chimafuna kudina batani la 7 kanayi, nchifukwa chake adiresi ya tsamba lanu nayo ikhale yaifupi. Matebulo, mafulemu ndi makolamu awiri chotsani.

Zithunzi ine ndimati zisiyeni pokhapokha ngati chithunzicho ndiye nkhani. WAP yoyamba imadziwa mtundu wa zithunzi wotchedwa WBMP, kadontho kakuda kapena koyera basi, nkhope ya munthu imangooneka ngati mwaye. WAP 2.0 itabwera ndi chilankhulo chatsopano cha masamba cha XHTML Mobile Profile komanso masikirini a mitundu zinthu zinapepukako, komabe malangizo a mu 2008 a W3C, bungwe loika miyezo ya masamba a pa intaneti, ankati muziganizira foni ya ma pixel 120 chopingasa ndipo tsamba lonse, zithunzi ndi zonse, lisapitirire ma kilobyte 20. Mukaika chithunzi lembani mawu a alt, amene amaoneka m'malo mwa chithunzicho chikapanda kutseguka, chifukwa ambiri ankathimitsa zithunzi posunga data. Ku Japan i-mode, intaneti ya pafoni ya kampani ya NTT DoCoMo, yomwe inayambanso mu 1999 inagwiritsa ntchito cHTML, HTML yochepetsedwa, koma maganizo ake ndi omwewa.

Ngati mukutumizanso mitu pa SMS malire ndi zilembo 160, koma mukangoikamo chilembo chimodzi chomwe mulibe mu zilembo za GSM, monga ŵ kapena timakoti topindika tija timabwera mukakopera mawu ku Word, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70, uthenga umodzi nkusanduka atatu.

Musanatulutse yesani pa mafoni enieni angapo, emulator, pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira foni, imakhululuka zambiri zomwe foni siingalole. Msakatuli wa Nokia ndi wa kampani ya Openwave amaonetsa malinki ndi mabatani mosiyana, ndiye seva yanu iziona User-Agent, mawu amene msakatuli amatumiza podzitchula dzina, nkutumiza tsamba loyenera foniyo. Ndipo WML ndi mtundu wa XML, wa malamulo okhwima, siinyengerera ngati HTML, tagi imodzi yosatsekedwa tsamba lonse lafa, gateway, kompyuta yolumikiza foni ndi intaneti, imangobweza error. Chizindikiro cha & chilembedwe & ndipo cha dola chilembedwe kawiri $$ chifukwa WML imatenga $ ngati chiyambi cha variable, dzina loimira zinthu zosinthasintha mu pulogalamu, nde pa nkhani za chuma ikani kapulogalamu kozisintha zokha mkonzi asanadine batani lotumiza.