Momwe mungatetezere jenereta ya galimoto yogonamo ku fumbi la chilimwe

Amene mumandiona ndi Coaster yanga ija ndinaikonza kukhala ya bedi, filiji ndi kasitovu mkati mwakhala mukundifunsa za jenereta, kuti imapirira bwanji misewu yafumbi ya ku Luangwa ndi ku Kafue. Nde lero ndati ndilembe zonse pamodzi. Ndipo chiyambire 2024 muja madzi anachepa ku Kariba malaiti n'kumapita maola ambirimbiri, anthu ochuluka muno mu Lusaka anagula majenereta, choncho ngakhale yanu ili pa shopu ku Chawama kapena pa saluni ku Mtendere zambiri apa zikukukhudzani, fumbi la August ndi lomwelo.

Yanga ndi ya petulo, injini yake ndi Honda GX160. Ndi yachiwiri. Yoyamba inafa ndi fumbi, ndifotokoza bwino m'munsimu chifukwa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Choyamba ndi malo amene jenereta imakhala pa galimoto. Anthu ambiri amakonda kuikira bokosi lake kumbuyo kwenikweni chifukwa ndi komwe kumapezeka mpata, koma kumbuyo ndi komwe fumbi lonse limazungulira galimoto ikamathamanga, mungoona mmene chitseko cha kumbuyo cha minibasi chimafiirira pomwe kutsogolo kuli koyera. Malo ena oipa ndi kuseri kwa tayala la kumbuyo, tayala limaponya dothi ndi timiyala molunjika pa bokosi. Ine ndinasuntha langa kulibweretsa kutsogolo kwa tayala la kumbuyo, pakati pa galimoto. Ngati kwanu sizingatheke, ikani mud flap yaitali ndithu ya mphira wokhuthala.

Bokosi anandiwotcherera anyamata a ku Kalingalinga, aja a m'mbali mwa Alick Nkhata Road. Ntchito amaidziwa koma muziima pomwepo, musangosiya ndalama ndi muyeso n'kuchokapo, chifukwa azolowera mageti ndi ma window frame ndipo mpata wa chala chimodzi pa chitseko kwa iwo si nkhani. Kwa inu ndi nkhani. M'mphepete mwa chitseko ndinamata mphira uja wa pa chitseko cha galimoto, ndinaugula wakale kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto owonongeka, wotchipa kwambiri kuposa watsopano ndipo umagwira chimodzimodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta, usiku ikani tochi yoyaka mkati n'kutseka, pomwe pakutulukira kuwala ndi pomwe padzalowere fumbi.

Koma apa mumvetse bwino. Bokosi lizitsekeka pamene mukuyenda chabe. Injini izi zimazizira ndi mphepo, mulibe madzi, nde mukailiza mu bokosi lotseka imatentha mpaka kusungunula mawaya. Langa lili ndi timazenera tiwiri ta chitsulo totsetsereka, kamodzi mbali yolowera mphepo kena mbali ya ekizozi, poyenda ndimatseka, tikafika ndimatsegula tonse ndi chitseko chomwe, ndipo jenereta ili pa thireyi yokoka moti imatuluka panja. Utsi wake usamaloze pa zenera kapena pansi pa galimoto pomwe anthu agona pamwamba. Mu utsi muja muli carbon monoxide, alibe fungo, munthu amangogona osadzukanso. Kachipangizo kolira kakamva mpweya umenewu kalipo m'masitolo a hardware, gulani, musaumire ndalama pamenepo.

Manje fyuta ya mphepo.

Jenereta yanga yoyamba inali ndi fyuta ya zigawo ziwiri, pepala mkati siponji kunja. Itada ndinapita mtauni kukafuna ina. Shopu yoyamba anandiuza mtengo ndinaona ngati wakwera, ndinalowa ina cha pafupi pomwepo, mnyamata wa pa kauntala ananditulutsira ina pa theka la mtengo, katoni yake yokongola bwino, akuti "ndi yomweyo bosi, fakitale imodzi". Poyang'ana inalidi yofanana. Ndinaika, ndinamanga chivundikiro, basi. Chimene sindinachite ndi kuona ngati mphira wa pansi pake wakhala bwino pa mpando wake. Unali wouma ngati pulasitiki komanso wocheperako pang'ono, mwina mamilimita awiri okha, ndipo kawasha ka mphira ka pansi kanatsalira pa fyuta yakale ija ndinataya.

Unali October, tinadzera msewu wadothi uja wochokera ku Petauke kutsikira ku chigwa cha Luangwa mpaka ku Mfuwe m'malo mozungulira pa tala ku Chipata. Amene munafikako nyengo imeneyo mukudziwa, kutentha kumapitirira madigiri 40 ndipo dothi lake ndi losalala ngati ufa woyera, ukaponda limafuka mpaka m'mawondo. Jenereta inkalira maola asanu kapena asanu ndi limodzi pa tsiku chifukwa cha filiji ndi mafani. Madzulo aliwonse ndinkatsegula kuyang'ana fyuta, n'kuona kuti ndi yoyera, mtima n'kukhala pansi. Kuyera kumene kuja ndiye kunali chizindikiro choipa. Mphepo imadzera pomwe pali pofewa, nde inkazemba pepala n'kumadutsa pa kampata kaja, ndi fumbi lake lonse, molunjika ku kabuleta mpaka mu silinda.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi inayamba kutulutsa utsi wabuluu. Oyilo anayamba kutsika, kenako inayamba kumazima yokha chifukwa injini izi zili ndi kaswichi kozimitsa oyilo akachepa. Chingwe pokoka chinkabwera mopepuka, palibenso kulimba kuja. Nyama yonse ya mu filiji tinaigawa kwa anthu a pa kampu isanawonongeke. Pobwerera ndinaima kwa makanika wina wachikulire ku Chipata, anamasula fyuta, analowetsa chala mu khosi la kabuleta n'kuchitulutsa chili chofiira, n'kundipatsa kuti ndikhudze. Chinali chokhakhala ngati sandpaper. Anati, "Bambo, injini iyi yadya dothi. Maring'i atha, silinda yakalika. Fumbi likakumana ndi oyilo limasanduka phala lopalira chitsulo." Ndinafunsa ngati ingakonzeke, anati ingatheke koma ndalama yake mukawonjezera pang'ono mugula ina. Zinandipweteka kwambiri chifukwa injini ija inali isanakwanitse ndi chaka chomwe.

Nde chimene ndimachita tsopano ndi ichi, ndipo chonde musadumphe ngakhale chimodzi. Musanatsegule chivundikiro pukutani kunja konse ndi nsalu yonyowa pang'ono, kuti dothi la pamwamba lisagwere mkati. Mukachotsa fyuta tsekani khosi la kabuleta ndi kansalu koyera. Tengani tishu yoyera mupukute mkati, kuseri kwa fyuta, mbali yomwe imayenera kukhala yoyera. Tishu ikatuluka ndi mtundu uliwonse wa dothi dziwani kuti penapake pakudutsa, musalizenso injini mpaka mutapapeza. Siponji ichapeni m'madzi ofunda ndi sopo wa mbale, muzifinya m'manja osapotokola ngati chovala chifukwa imang'ambika, kenako iume mpaka gwa, pamthunzi. Ikauma idonthezereni oyilo wa injini woyera, finyani kuti afalikire ponse ndipo wotsala atuluke. Izikhala yonona chabe, osati yodontha, ikachuluka oyilo injini imafuka utsi poyamba. Oyilo ameneyu ndi amene amagwira fumbi losalala lija, siponji youma imangoletsa udzu ndi tizilombo. Ena amachapa ndi petulo, ine ayi, ndi ngozi ya moto.

Ya pepala musaichape. Igogodeni pang'onopang'ono pa thabwa kuti fumbi ligwe. Anyamata okonza matayala amathamangira kuipopera ndi kompuresa, mphepo yawo ija ndi yamphamvu kwambiri imaboola timabowo tosaoneka ndi maso. Ikani tochi mkati mwake muyang'ane, mukaona kadontho kowala kwambiri, kapena kuwala kukakanika kudutsa n'komwe, itayeni. Pobwezera, pakani girisi wochepa m'mphepete mwa mphira pomwe umakhudza mpando. Girisi ameneyu amatseka timipata, komanso mukadzatsegulanso mudzaona chidindo chake, ngati chazungulira bwalo lonse ndiye kuti fyuta inakhala bwino, ngati chadukira penapake mwapeza pomwe pakudutsa fumbi. Nzeru imeneyi anandipatsa ndi madala a ku Chipata aja.

Buku la injini limati fyuta muzitsuka maola 50 aliwonse, koma limanenanso kuti kufumbi muzichita pafupipafupi. Ku chigwa nthawi ya chilimwe ine ndimatsegula tsiku lililonse ndipo ndimayenda ndi masiponji awiri opaka kale oyilo mu pulasitiki yotseka, ndimangosinthanitsa. Pogula fyuta pitani ndi yakale, muziike pamodzi pa kauntala, dinani mphira ndi chikhadabo muone ngati ukubwerera. Akakana kuti mutsegule katoni tulukani. Ma fake adzaza mtauni ndipo makatoni awo masiku ano amaoneka bwino kuposa a original.

Mukafika pogona, musaike jenereta pa dothi. Fani yake imakoka mphepo cha pansi, ndipo ekizozi ikaloza pansi imafukula fumbi lomwe injini yomweyo imameza. Ine ndili ndi chidutswa cha mphira wokhuthala chomwe ndimayala pansi pa thireyi, chachikulu kuposa jenereta mbali zonse, mphasa yakale kapena thabwa zimagwiranso ntchito. Madzi otsukira mbale osataya kutchire, wazani mozungulira pamenepo. Mphepo ya August ndi September kuno imakonda kuchokera kum'mawa, nde imikani galimoto moti thupi lake litchinge jenereta, bola utsi ukhale ukupita kutali ndi anthu. Ndipo jenereta musailize pamene galimoto yangoima kumene, dikirani fumbi lanu lomwe likhazikike.

Petulo nayenso amalowetsa dothi. Pukutani pakamwa pa chigubu ndi pa chitsekero cha thanki musanatsegule, fanelo izikhala mu pulasitiki yake osati kumangogubuduzika mu buti. Kasefa kaja ka pakamwa pa thanki musakachotse ngakhale kamachedwetsa. Pansi pa kampopi ka petulo pali kakapu kosungira zinyalala, tsekani petulo, kamasuleni ndi sipanala, tsukani. Mukamva injini ikukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika yokha, kawirikawiri ndi jeti, kabowo kodutsa petulo mu kabuleta, yatsekeka pang'ono. Petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu ndinasiya, ndi bwino kudzaza zigubu pa filling station yomaliza ngakhale mtengo utakwera mwezi umenewo.

Oyilo buku limati maola 20 oyamba, kenako maola 100 aliwonse, ine kufumbi ndimasintha pa 50. Amalowa pafupifupi malita 0.6 okha, nde botolo limodzi la lita limatsalako, si ndalama yoti mudandaule nayo. Khuthulani injini ikadali yofunda, ndipo pukutani mozungulira dipstick yoyezera oyilo musanaimasule.

Zipsepse zoziziritsa injini za pa silinda ndi timabowo ta mbali ya magetsi muzisesa ndi burashi ya penti youma, injini itazizira. Payipi ya madzi ayi. Musapoperenso mafuta kunja kuti iwale, fumbi limamatirira pomwepo. Pulagi muiyang'ane mukamasintha oyilo, mpata wake ndi 0.7 mpaka 0.8 mm, puzirani dothi la mozungulira musanaichotse.

Mukabwerera ku Lusaka ndipo galimoto ikhala nthawi, tsekani petulo wa jenereta muisiye ilire mpaka izime yokha, ikazizira ifunditseni ndi nsalu ya tenti, osati pulasitiki chifukwa imachita thukuta mkati n'kuyambitsa dzimbiri. Pakamwa pa ekizozi ndimatseka ndi kansalu chifukwa mavu aja omanga ndi dothi amakonda kumangamo, kansaluko ndimakamangirira chingwe chofiira ku chogwirira cha sitata kuti ndisaiwale kuchotsa. Makoswe nawo amadya siponji, muzisuzumira. Kamodzi pa mwezi ilizeni theka la ola mutalumikiza ketulo kapena ayironi.